Chikhadabo chada ndi carrom, kodi sitiraika mumaimenya bwanji anzanga?

Mnyamata wa ku Mayfair

Moni nonse a kuno ku Joni, mwaswera bwanji. Ndili ndi funso lomwe ena mwina aliona ngati laling'ono koma ine landisowetsa mtendere ndithu. Ndimagwira ntchito mu shopu ya golosale kuno ku Mayfair, mwini wake ndi wa ku Bangladesh, nde tikatseka usiku kapena Lamulungu masana anyamata akwawo aja amatulutsa bolodi ya carrom (gemu yomenya makoini, timatabwa tozungulira, ndi china chokulirapo chotchedwa sitiraika kuti agwere mmabowo anayi a mmakona) kuseli kwa shopu, kuika pa makreti, kuwaza paudala, basi mpaka 11 koloko. Poyamba ndinkangoonerera kwinaku ndikudya, kenako tsiku lina panasowa munthu wachinayi nde anati Malawi khala apa. Kuyambira pamenepo zinandilowa mmagazi, pano yakwana miyezi itatu.

Vuto langa ndi chala. Ine ndimamenya ndi chamkombaphala, ndimachipinda nkuchigwira ndi chala chachikulu kenako nkuchitaya kuti chikagunde sitiraika, mmene timachitira pochotsa nyerere pa malaya. Nde chikhadabo chimagunda sitiraika ija kuti kho, kuwawa kwake mpaka mmutu, pano chada mbali imodzi ngati ndinachiphwanya ndi hamala ndipo mmawa ndikamatsegula makatoni kapena kunyamula mabelo a ufa ndimachita kusamala. Kuwawako ndikanapirira, koma chomwe chikundipweteka mtima nchoti sitiraika siipita komwe ndaloza. Koini ili poyera, bowo lili apo, ine ndikamenya sitiraika imakagunda mmbali koini nkuthawira pakati. Ndikati ndimenye mofatsa kuti chala chisawawe mnzathu wina amakuwa kuti push push, akuti ndakankha, nkunditulutsira koini imodzi yomwe ndinagwetsa kale. Chizungu chawo ndi changa sitimvana bwinobwino nde akamandionetsa amangochita mwachangu, chala chake sindichiona nkomwe mmene chayendera.

Ndaona wina amagoneka dzanja chammbali zala ziwiri nkukhala ngati sizasi, akamaswa mulu wa pakati uja phokoso lake ngati wathyola thabwa, makoini balala bolodi yonse. Wina amamenya ndi chala chapakati. Wina ndi chala chachikulu akafuna kubwezera mmbuyo. Nde funso langa nlakuti kwa munthu woyamba ngati ine kagwiridwe kabwino nkati? Ndipo kumenya kumathera pati kuti tizinena kuti apa munthu wakankha? Amene munasewerapo kaya ku Limbe kaya konkuno chonde ndithandizeni, Lamulungu likubwerali tikusewera awiriawiri ndipo mnzanga amene ndimakhala naye mbali imodzi wayamba kuoneka kuti watopa nane.

Madala a ku Fordsburg

Mphwanga, funso lako si laling'ono ayi, ndipo chikhadabo chakudacho ndachidziwa chifukwa nane ndinadutsa momwemo. Ine carrom ndinaiphunzira ku Limbe ndili mnyamata, ndikugwira ntchito mu sitolo ya nsalu ya Amwenye, Loweruka masana tikatseka ana a bwana ankatulutsa bolodi pakhonde. Amene anandikonza anali agogo awo, munthu wosalankhulalankhula, anangogwira chala changa nkuchikankhira kutsogolo mpaka chikhadabo chinakhudza sitiraika, nkugwedeza mutu kuti apo. Nkhani yonse ili pamenepo.

Iwe ukuika chala patali ndi sitiraika, nde ukachitaya chimayenda kaye mmalere kenako nkukawombana nayo. Kuwombana kumeneko nkomwe kukupweteka, ndipo nkomwenso kukusokoneza njira, chifukwa chala chikamachokera patali sungadziwe kuti chikafikira pati, lero chigunda pakati mawa chigunda pambali. Chikagunda pambali sitiraika imazungulira nkupatuka. Ganizira legeni. Mwala suumenya ndi chikopa ayi, umakhala kale mchikopamo, iwe umangokoka mphira nkusiya. Chala nchimodzimodzi, chikhale chitakhudza kale sitiraika, mphamvu uisunge pa chala chachikulu, kenako usiye chifwamphuke. Ukatero sumva kuwawa olo pang'ono ndipo phokoso la kho lija limatha, umangomva sitiraika ikuti shwee pa paudala.

Mmene ndimachitira ine ndi chonchi. Dzanja ndimaliika chafufumimba kuseli kwa sitiraika, nsonga za chala chapakati ndi ziwiri zotsatirazo ndimazitsamiritsa pa bolodi kuti zikhale ngati mafuwa, dzanja lisagwedezeke. Chamkombaphala ndimachipinda pang'ono, chikhadabo chake chikhudze sitiraika pakatikati penipeni kumbuyo kwake, osati pamwamba ngati ukufuna kuipondereza, chitsike mpaka nsonga itatsala pang'ono kukhudza bolodi. Chala chachikulu chigwire nsonga ya chamkombaphala chammbali, osachita kuchitsekera kutsogolo konse ayi chifukwa ukatero chala chachikulu ndi chomwe chimayamba kusuntha sitiraika usanamenye. Kenako umakankha chamkombaphala pa chachikulucho, ukamva kuti mphamvu yakwana umasiya. Chala chikamaliza chiziloza komwe umafuna kuti sitiraika ipite, ukachipeza chikuloza kwina dziwa kuti nayo yapita kwina.

Za kukankha zija anzakowo sakukunamiza. Lamulo lake nlakuti sitiraika imenyedwe ndi chala, isaperekezedwe. Njira yophweka yodziwira ndi kuyang'ana dzanja, ngati chikhato ndi mkono zasuntha kutsatira sitiraika kumeneko nkukankha, ngati dzanja lili phee chala chokha nchomwe chafwamphuka palibe angakuuze kanthu. Iwe ukamaopa kuwawa umasiya kufwamphula nkuyamba kuiperekeza ndi dzanja lonse, nchifukwa chake akukugwira. Kumenya mofatsa sikutanthauza kuyendetsa chala pang'onopang'ono ayi, kumatanthauza kusunga mphamvu yochepa pa chala chachikulu koma kusiya kwake kukhale kwachangu chimodzimodzi. Koini ikakhala pafupi kwambiri ndi bowo ine chala chachikulu sindichigwiritsa nkomwe, ndimangotsamiritsa nsonga ya chamkombaphala pa bolodi nkuchiwongola kamodzi.

Ndipo chinanso achinyamata mumakonda mphamvu kwambiri. Sitiraika yovomerezeka siipitirira magalamu 15, koini imodzi ndi magalamu 5 ndi kanthu, nde sitiraika ikulemera pafupifupi katatu, ndipo bolodi yonse mkati mwake ndi masentimita 74 basi mbali iliyonse. Ulendo wake ngwaufupi. Bowo nalo ndi lalikulu pang'ono chabe kuposa sitiraika, koini ikabwera mwaukali imagunda mmphepete nkudumpha kubwerera, pamene ikabwera mwaulemu imangogwera yokha. Ukamenya mwamphamvu sitiraikanso imatsatira koini kukagwera limodzi, nde ulipira koini ina pachabe.

Chita izi usiku uno anzako asanabwere. Chotsa makoini onse, ika sitiraika pakati pa mzere womenyera wa mbali yako, menya molunjika thabwa la kutsidya. Ikabwerera nkudzagunda chala chako chomwe wamenyera nde kuti wamenya pakati. Ikabwerera kumanja kapena kumanzere nde kuti chala chili pambali, suntha pang'ono uyesenso. Uchite ka 20 tsiku lililonse, nzotopetsa koma palibe njira ina. Ukakhoza apo uike koini imodzi, ndipo maso asakhale pa bowo kapena pa chala, akhale pa mbali ya koini yomwe yafulatira bowo kwenikweni, pamenepo mpomwe sitiraika ikagunde.

Chikhadabocho chipatse mpata chipole, masiku angapo gwiritsa chala chapakati mmene ndafotokozeramu. Chikatupa kapena kuyamba mafinya pita ku kiliniki, manja ndi omwe atibweretsa kuno.

Mchemwali wa ku Lenasia

Madala afotokoza bwino kwambiri za kukhudzitsa chala, pamenepo sinditsutsa. Koma achimwene musaope sizasi ija, anthu amainena ngati ndi ya akatswiri okha kapena yongoswera mulu pamene ine ndimasewera nayo gemu yonse kuyambira poyamba mpaka pa kwini, koini yofiira ija. Ine ndimagwira ntchito pa banja lina kuno ku Lenasia chaka chachisanu tsopano, pa tchuthi cha December abale awo akabwera kuchokera ku Durban bolodi imakhala pa tebulo sabata yonse, ana akulu azimayi onse, nde amayi a mnyumbamo ndi omwe anandiphunzitsa. Ine zikhadabo ndimasunga zazitaliko pang'ono nde kagwiridwe ka madalaka kankandivuta, chikhadabo chinkakola pansi pa sitiraika nkuidumphitsa.

Sizasi imakhala chonchi. Dzanja mumaligoneka chammbali, chala chapakati chigone pa bolodi kuseli kwa sitiraika mopingasa, kutanthauza kuti ngati sitiraika ikupita kutsogolo chalacho chiloze chammbali ngati mpiringidzo wa chitseko. Chamkombaphala chimakwera pamwamba pa chapakaticho nkuchigwira kuti chisapite, inu mukukankha chapakati kutsogolo china chikukaniza, kenako mumachilola kuti chipulumuke. Zimatseguka ngati sizasi ndithu nchifukwa chake dzinalo. Ubwino wake sitiraika imamenyedwa ndi mbali ya chala cha kunsonga, chikhadabo sichilandira nkhonya, nde kwa inu amene chala chili ndi bala panopa ingakuthandizeni. Mphamvu yake ndi yambiri zedi poswa. Kuipa kwake ndinene zoona, masiku oyamba kuloza kumavuta chifukwa chala sichiyang'ana komwe sitiraika ikupita ngati mmene zimakhalira ndi kagwiridwe kowongoka kaja, umayenera kuzolowera kuona njira ndi maso okha. Ine zinanditengera mwezi wathunthu ndikungomenya mmbali, koma zitalowa zinalowa.

Chinanso chomwe palibe wanena, nthawi zina timanamizira chala pamene vuto ndi bolodi. Mwati amaika pa makreti eti? Kreti imodzi ikakhala yopendekeka olo pang'ono sitiraika imakhota yokha ikamatha mphamvu. Yesani kuiyendetsa mofatsa kuchokera mbali zonse zinayi muone ngati ikukokera kumodzi, ngati ikutero pindani katoni muike pansi. Komanso makreti amakhala pansi kwambiri, munthu umawerama mpaka dzanja limabwera chotsika kuchokera mmwamba mmalo mogona, nde pezani mpando waufupi olo chidebe.

Paudala nayenso. Weniweni wa carrom nthawi zambiri ndi boric, woyera wosalala uja, mmashopu a Amwenye amapezeka. Wa ana wodzola uja musathire, amaundana nkupanga timabulu sitiraika nkumaima panjira. Ndipo boric ndi yemweyo ena amaphera mphemvu, nde mwati mumadya pomwepo, chonde sambani mmanja musanagwire nsima kapena buledi, ndipo asakhale pofikira ana. Nyengo yozizira ya kuno ya June ndi July ija manja amauma tonse timadzola Vaseline, mukagwira sitiraika ndi manja amafuta imamata paudala pansi pake nkuyamba kulemera, pukutani manja ndi sitiraika yomwe musanayambe. Zala zikakhala zozizira sizifwamphuka bwino, ine ndimayamba ndafumbata kapu ya tiyi kaye. Nthawi ya mvula bolodi musaisiye pansi pa simenti kapena kuitsamiritsa ku khoma lonyowa, thabwa likapindika basi yatha.

Aise wa ku Yeoville

Aise ine ndisiyana nawo pang'ono akuluakuluwa. Chala chabwino ndi chapakati basi, chachitali, champhamvu, ndipo chili pakati pa dzanja nde chamkombaphala ndi chinacho zimakhala uku ndi uku ngati njanji, sitiraika imatuluka mowongoka. Kagwiridwe nkomweko ka madala, chala chachikulu chigwire chapakati, chikhadabo chikhudze sitiraika, kusiyana nkwakuti ukumenya ndi chala china. Chamkombaphala changa ine chimakhotera mkati ndikachiwongola nde mashoti onse ankapita kumanzere, nditasintha zinatheratu. Tayang'ana chala chako uchiwongole mmwamba uone ngati chimapita mowongoka, anthufe zala zathu nzosiyana. Koma chomwe ndikupemphe usamasinthesinthe, lero sizasi mawa chapakati mkuja china, sankha chimodzi cha mashoti a tsiku ndi tsiku ukhale nacho mpaka dzanja lichiloweze, sizasi uisunge ya poswa ngati waikonda.

Za push zija uonetsetsenso kuti onse akutsata lamulo limodzi, chifukwa ine ndinasewerapo ndi anyamata a ku Pakistan ena kwawo ku Karachi kuli mtundu wina amautcha duboo, bolodi yaikulu ndipo sitiraika amachita kuitsetsereza osati kuifwamphula, nde munthu wozolowera zimenezo dzanja lake limayenda kwambiri. Malamulo olembedwa alipo, ndi a International Carrom Federation yomwe inayamba mu 1988 ku Chennai ku India, pa intaneti amapezeka ukhoza kuwaonetsa pa foni. Mmenemo muli zoti sitiraika ikhudze mizere yonse iwiri ya mbali yako poiika, ndipo timawilo tofiira ta kumapeto tija ukafuna kuikapo uphimbe konse kapena usakhudze nkomwe, komanso isakhudze mzere wa muvi wopita ku kona uja. Anthu ambiri oyamba amalakwa pamenepa osati pa chala.

Ndipo poti mukusewera awiriawiri, mnzakoyo sakutopa ndi kuphonya kokha ayi, chomwe chimatopetsa nchoti munthu waphonya nkusiyira adani koini pakamwa pa bowo. Ngati ukuona kuti shoti sulowa, menya mofatsa koini yanu ikaime pakhomo pa bowo itseke njira, mnzako adzaimaliza. Kwini wofiira uja ndi mapointi 3 koma ukamugwetsa uyenera kugwetsa koini yako ina pompo kuti umuphimbe, ukalephera amabwerera pakati, nde usamuthamangire usanaone kuti yophimbira ili poyera.

Mnyamata wa ku Mayfair

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti muyankha mozama chonchi. Madala ndinachita zomwe munanena, dzulo ndi dzana ndinatsala ndekha nditatseka. Tsiku loyamba pa ka 20 sitiraika inabwerera pa chala ka 6 kokha, zina zonse imabwerera kumanja, nde ndinazindikira kuti chala ndimachiika chakumanzere kwa sitiraika osadziwa, ndikamayang'ana kuchokera pamwamba chimaoneka ngati chili pakati koma ayi. Dzulo yabwerera ka 13. Ndipo zoona kuwawa kulibe, ndinachita kudabwa, miyezi itatu yonseyi ndimadzipweteka ndi kampata kosakwana sentimita. Panopa ndikugwiritsa chapakati mmene aise wa ku Yeoville wanenera poti chinacho chikadali ndi bala, ndipo ndikuona ngati ndikhala nacho chomwechi.

Achemwali munalondola za makreti, imodzi inali yothyoka pangodya bolodi imatsikira ku khomo, ndaikapo katoni. Sizasi ndayesa koma sitiraika inauluka kutuluka mu bolodi mpaka pansi pa firiji, kaya ndikulakwitsa pati.

Funso lina, nanga makoini omwe ali kumbuyo kwa mzere wanga kufupi ndi mimba yanga ndimawatani? Chala chapakati sichingabwerere mmbuyo, ndikayesa kupotoza dzanja amati chigongono chalowa. Amene amamenya ndi chala chachikulu uja wina amamuletsa wina amamulola, zoona nziti?

Mchemwali wa ku Lenasia

Ikauluka nde kuti chala chapakati chikulowa pansi pa sitiraika nkuinyamula, kapena mukamasiya dzanja likudzuka. Chigonetseni pa bolodi chiyende chokwawa, ndipo chepetsani mphamvu kaye ndi theka, sizasi ili ndi mphamvu kale simufunika kuwonjezera. Poswa musalunjike pakati penipeni pa mulu, sunthani sitiraika chakumbali pang'ono kuti mulu utseguke ndipo sitiraika ipeze kothawira. Koma Lamulungu likubwerali musaigwiritse, siinapse.

Madala a ku Fordsburg

Ka 13 pa masiku awiri wachita bwino mphwanga, pitiriza, ikafika ka 17 kapena 18 uyambe kuika sitiraika kumapeto kwa mzere nkumamenya chopingasa.

Za chala chachikulu, pa malamulo a mipikisano nchololedwa, chala chilichonse ukhoza kumenyera bola kukhale kumenya osati kukankha. Koma mmakomo ambiri anthu ali ndi malamulo awo, ena amaletsa chala chachikulu, ena amaletseratu kumenya mmbuyo amati koini ya kumbuyo uipeze pogunditsa sitiraika ku thabwa la kutsidya ibwerere. Ku Limbe kuja tinkasewera choncho, ndinadzaona chala chachikulu nditabwera kuno. Nde musanaswe mulu mugwirizane kaye onse anayi, kukangana pakati pa gemu kumadanitsa anthu pa zinthu zazing'ono ndipo awo ndi anthu omwe ukugwira nawo ntchito mawa mmawa.

Kamenyedwe kake ndi aka. Dzanja likhale kutsogolo kwa sitiraika, kumbali ya pakati pa bolodi, zala zinayi uzipinde ngati chibakera chosalimba zitsamire pa bolodi. Chala chachikulu uchipinde nsonga yake ikole pa chamkombaphala kapena chapakati, mmene umachitira ukafuna kuponya ndalama yachitsulo mmwamba, kusiyana nkwakuti apa chala chikufwamphukira chammbali chogona osati mmwamba. Chikhadabo chikhudze sitiraika kaye, lamulo lija silisintha. Koini ikakhala kumbuyo chakumanja dzanja lamanja limavuta, nchifukwa chake osewera bwino amaphunzitsa chala chachikulu cha manja onse awiri, lamanja likamenya zopita kumanzere lamanzere likamenya zopita kumanja. Poyamba dzanja lamanzere limakhala ngati la munthu wina koma mtunda wake ngwaufupi, koini ndi bowo zimakhala pafupi, sipafunika mphamvu, sabata ziwiri likhala litamva. Chenjera ndi chinthu chimodzi, pa shoti imeneyi sitiraika imakonda kutsatira koini kugwera mbowo chifukwa zonse zili mmphepete mwa thabwa limodzi, nde umenye mopepuka kwambiri kapena uigunde koini chammbali pang'ono kuti sitiraika ipatuke.

Za chigongono akunena zoona. Mizere ya mivi ija uiganizire ngati ikupitirira kutuluka mu bolodi mpaka pansi, iwe malo ako ndi pakati pa iwiriyo. Dzanja lokha kulekezera pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono ndi lomwe likhoza kudutsa mzerewo, mkono, phewa, bondo, phazi ayi. Chigongono chisalowe mkati mwa bolodi, ndipo pomenya sudzuka pa mpando kapena kuusuntha. Nchifukwa chake chala chachikulu chili chofunika, chimakufikitsa pamalo pomwe ukanafuna kupotoza thupi lonse.

Koma usasiye kuphunzira yobwerera ija olo akulole chala chachikulu. Masewera omwe ndakupatsa a kumenya thabwa la kutsidya ndi chiyambi chake, sitiraika ikagunda thabwa mopendekeka imabwerera mopendekeka chimodzimodzi mbali inayo, nde ukafuna koini ili kumbuyo kwako kumanja umaloza pa thabwa la kutsidya pakatikati pa pomwe pali sitiraika ndi pomwe pali koini. Bolodi iliyonse thabwa lake limabweza mosiyana, lolimba lokhuthala limabweza bwino, lopyapyala limamwa mphamvu, nde uidziwe bolodi yanuyo. Agogo a ku Limbe aja ankagwetsa koini za kumbuyo osayang'ana nkomwe kumbuyoko, maso ali kutsidya, ife tikungomva kuti khutu mthumba.

Ukapeza mpata Loweruka lina masana ubwere ku Fordsburg, Mayfair mpafupi ukhoza kuyenda wapansi. Ndili ndi bolodi kunyumba, ndione dzanja lako ndi maso chifukwa zina polemba sizimveka. Undilembere kumbali tipangane, tikhoza kukumana cha pa Oriental Plaza.

Mnyamata wa ku Mayfair

Ndabwera kudzanena za dzulo. Tinaluza 25 kwa 17 koma palibe anakuwa push olo kamodzi, ndipo bolodi yachitatu ndinagwetsa kwini nkumuphimba ndekha ndi koini yomwe inali patali ndithu cha pakati, mnzanga uja anaimirira nkundigwira chanza. Tisanayambe ndinawafunsa za chala chachikulu nde anakambirana mchinenero chawo kanthawi kenako anati nchololedwa, ndinayesa kawiri, kamodzi koini inalowa kachiwiri sitiraika inatsatira mmene munanenera madala, ndinalipira. Pomwe ndikuvutikabe ndi pa makoini omwe agona pa thabwa la mmbali, ndikawagunda amangonjanja pomwepo osayenda kupita ku bowo. Chikhadabo chayamba kumera china pansi. Madala ndakulemberani kumbali, Loweruka lino ndimaweruka 2 koloko, sitiraika ndibweretse yanga kapena muli nazo zokwanira?